Mnyamata wosafunsira: wafooka kapena wachenjera?

Mwambo wa Kulamba ukatha pa Mkaika, magalimoto a mafumu atabwerera ku Malawi ndi ku Mozambique, fumbi likhazikika ndipo m'midzi yozungulira mumatsala abale amene sanaonane chaka chathunthu. Nkhani za m'banja zimakambidwa masiku amenewa, kumapeto kwa Ogasiti, chimanga chili m'nkhokwe, mvula ikadali kutali. Kwathu nkhani imene inabwera pa mphasa inali ya mng'ono wanga. Ali ndi zaka 28, ali ndi njinga yamoto imene amanyamulira anthu kuchokera pa boma la Katete kupita ku chipatala cha St Francis ndi kumidzi ya mseu wa ku Chanida, samwa mowa, ndipo palibe aliyense m'mudzi amene anamuonapo ataima ndi mwana wamkazi pa chitsime kapena kuseri kwa tchalitchi. Amalume ndiwo anayambitsa. “Kodi iwe mphwanga, ukudikira kuti ine ndife kaye? Unkhoswe wako adzaimire ndani?” Iye anaweramitsa mutu nati, “Amalume, maganizo amenewo ndilibe pakali pano.” Amayi anausa moyo ngati amva za maliro.

Pofuna kupepuza nkhani, ndinawauza kuti zimenezi si za kwathu kokha. Ku Japan kuli dzina la anyamata otere. Mlembi wina wamkazi, Maki Fukasawa, anawatcha sōshoku danshi mu 2006, kutanthauza amuna odya msipu, powasiyanitsa ndi odya nyama amene amathamangitsa akazi, udindo ndi ndalama. Wodya msipu ndi wofatsa, amasamala thupi lake ndi thumba lake, amacheza ndi akazi ngati alongo ake, ndipo za chibwenzi sazithamangira. Amalume anaseka mpaka kutsokomola. “Wodya msipu! Ndiye ng'ombe yofula imeneyo. Ife kuno ngakhale mbewa timaikumba chifukwa ndi nyama.” Kuseka kutatha anthu anagawikana pawiri, ndipo mtsutso umene unayamba usiku umenewo ndaumvanso pa malo okwerera njinga, pa maliro, ndi m'chipinda cha aphunzitsi.

Mbali ya amalume siyenera kupeputsidwa ngati kulira kwa nkhalamba zosafuna kusintha. Iwo akunena kuti pakati pa Achewa umuna sunali chinthu chobadwa nacho. Unkaumbidwa. Mnyamata ankachoka m'nyumba ya amayi ake kukagona ku mphala ndi anzake, ankaweta ng'ombe za munthu zaka zingapo kuti apatsidwe yake imodzi, ankalowa ku dambwe kukaphunzira mwambo ndi kusunga chinsinsi, ndipo mapeto a ulendo wonsewo anali ukwati. Pa chikamwini ankapita kumudzi kwa mkazi, kumanga nyumba, kulimira apongozi, kupirira maso a alamu ake, mpaka mudzi uvomereze kuti uyu ndi munthu. Amene sanadutse njira imeneyo, ngakhale ndevu zitachita imvi, pa bwalo ankakhala kumbuyo ndi ana. Choncho amalume akamva mnyamata akuti alibe maganizo okwatira, m'makutu mwawo zimamveka ngati akuti alibe maganizo okula.

Akunenanso kuti ukwati si wa anthu awiri. Umalumikiza midzi, umabweretsa manja m'munda, umabala ana amene adzatunge madzi wina akadwala ndi kukumba manda wina akamwalira. Kuno anthu ambiri alibe penshoni. Nkhalamba yopanda ana ndi adzukulu imadya pa chifundo cha anthu, ndipo chifundo chimatha msanga chaka cha njala. Pamenepa Japan amawathandiza mtsutso wawo, pakuti zotsatira zake kumeneko zikuoneka ndi maso. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 dzikolo linkalembetsa maukwati oposa miliyoni imodzi pa chaka. Mu 2023 sanafike 500,000. Kalembera wa 2020 anapeza kuti mwa amuna 100 a zaka 50, pafupifupi 28 anali asanakwatirepo. Mu 2024 ana obadwa kwa nzika za dzikolo anachepera 700,000 kwa nthawi yoyamba, m'dziko la anthu oposa 120 miliyoni. Nyumba pafupifupi 9 miliyoni zili zopanda okhalamo, masukulu a kumidzi akutsekedwa chifukwa chosowa ana, ndipo boma la mzinda wa Tokyo linafika potsegula pulogalamu ya pa foni yoti anthu azipezerana mabanja. Nditanena zimenezi amalume anamenya m'manja. “Mwamva? Boma lasanduka nkhoswe! Ndiko mukutitengera inu.”

Pali mfundo ina ya mbali imeneyi imene azimayi ndiwo amaitchula, ndipo imandiluma kuposa zinazo. Anyamata a msinkhu wake akamazemba, mtsikana wa kumudzi satsala yekha nthawi yaitali. Amabwera wamalonda wogula soya, woyendetsa thiraki ya pa Great East Road, kapena bambo wa mkazi kale amene wagulitsa fodya. Mpata umene mnyamata wausiya umadzazidwa ndi munthu woipirapo. Azakhali anga anati mbeta zachuluka m'mudzi ngati nthawi ya nkhondo, chonsecho amuna alipo, akungokanda mafoni pansi pa mtengo ndi kubetcha mpira wa ku England.

Tsopano mbali inayo. Mng'ono wanga si wolankhulalankhula, koma anzake a pa siteji ya njinga pakamwa pawo m'posongoka, ndipo yankho lawo loyamba ndi masamu. Ukwati umene akulu akuutamanda, iwo akuti, sukugulitsidwanso pa mtengo wakale. Kale chimalo chinali chizindikiro chabe: nkhuku, khasu, kandalama kochepa kothokozera. Lero makolo ena amawerengera fizi ya sukulu imene analipirira mwana wawo, ena atengera malowolo a ng'ombe a anansi athu Angoni, ndipo pamwamba pake pali phwando la ziwiya za kukhitchini, suti, holo, galimoto ndi chakudya cha mudzi wonse. Mtsikana nayenso, ndipo sitingamunene, akufuna nyumba ya malata, sola ndi foni. Mnyamata amene munda wa makolo ake wagawidwa kale pakati pa ana asanu ndi awiri, amene feteleza wa boma wa FISP samufika chifukwa dzina lake silili pa kaundula, amene soya wake amagulidwa pa mtengo woikidwa ndi wogula, azitenga kuti zonsezi? Mu 2024 mvula inadula pakati pa dzinja, chimanga chinauma chili chiimire, ndipo pa 29 Febuluwale boma linalengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Amene anakwatira chaka chimenecho anadziwa kuti walira mvula walira matope, koma iwo anapeza kuti ngakhale matopewo kunalibe.

Apa Japan akugwirizananso ndi anyamatawa, mwina kuposa mmene anagwirizanirana ndi amalume. Atate a odya msipu anali amuna a suti amene kampani inkawalemba ntchito ya moyo wonse, malipiro akukwera chaka ndi chaka, mkazi ali pakhomo. Chuma chitagwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, makampani anayamba kulemba achinyamata ntchito za kontrakiti ndi zaganyu, ndipo amuna a ntchito zoterozo ndiwo amene ambiri sakwatira. Chiyembekezo choti mwamuna ndiye adyetse banja chinatsala pomwepo, koma ntchito yodyetsera banjalo inachoka. Fukasawa mwini sanapange dzina lija ngati chitonzo. Ankayamikira anyamata amene sanafune kukhala ngati atate awo. Ndi anthu ena amene analisandutsa mwano.

Ndipo kusafuna kukhala ngati atate ndi mfundo imene anyamata a kuno amainena motsitsa mawu, chifukwa imakhudza anthu amene adakali moyo. Umuna wakale unali ndi mbali yake imene pa Kulamba siitchulidwa. Kuyambira nthawi ya msonkho wa atsamunda, amuna a dera lino ankapita ku Salisbury, ku Joni ndi ku migodi ya Copperbelt, ena osabwerako, mpaka tinapanga dzina loti machona. Akazi ankalera ana okha. Tinali ndi mwambi woti mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda, ndipo tinkaunena moseka mpaka zaka za m'ma 1990, pamene edzi inadzaza mawodi a St Francis ndi manda a mudzi uliwonse. Anyamata ambiri amene lero ali ndi zaka 25 kapena 30 analeredwa ndi agogo. Ena anakula akumva amayi awo akulira usiku bambo atabwera ku mowa. Mnyamata wotere akati sakufuna kuthamangira akazi, n'kutheka kuti si mantha a akazi. Anaona kumene njira ija inathera.

Akuwonjezera kuti atsikana nawonso asintha, ndipo ndi akulu omwe anawasintha. Kalonga Gawa Undi, mfumu yaikulu ya Achewa, wakhala akudzudzula maukwati a ana ndi miyambo yoika atsikana pa ngozi, ndipo mafumu ake athetsapo maukwati otere n'kubweza ana ku sukulu. Kuyambira 1997 mtsikana amene wabereka amaloledwa kubwerera m'kalasi. Kuyambira Januwale 2022 sukulu za boma ndi zaulere mpaka Giredi 12. Kumapeto kwa 2023 lamulo la ukwati linasinthidwa kuti pasakhale ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale wa pa mwambo. Zonsezi zikukankhira ukwati kutsogolo. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2018 anasonyeza kuti m'Zambia mkazi ankakwatiwa ali ndi zaka pafupifupi 19, mwamuna ankakwatira ali ndi pafupifupi 24. Ngati tikufuna kuti mtsikana amalize sukulu ndi kosi, sitingadabwe kuti mnyamatanso wachedwa. Simungauze mwana wamkazi kuti dikira, kenaka n'kutonza mwana wamwamuna amene akudikiradi.

Ndamva mbali zonse ziwiri kangapo, ndipo chimene chimandivuta n'chakuti onse akukamba ngati pali mnyamata mmodzi, chonsecho alipo awiri, ndipo safanana konse. Ku Japan ukwati ukachepa ana amachepanso, chifukwa ana obadwa kunja kwa ukwati ndi awiri okha kapena kuposerapo pang'ono mwa 100. Kuno si choncho. Kafukufuku yemwe uja wa 2018 anapeza kuti m'Zambia monse atsikana 29 mwa 100 a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kapena ali ndi pakati, ndipo kuno kum'mawa chiwerengerocho chinali chokwera kuposa pamenepo, pafupifupi anayi mwa khumi. Mimba zimenezo sizibwera ndi mphepo. Ndiye kuti pakati pa osakwatira athu pali gulu lalikulu limene silidya msipu ngakhale pang'ono. Limathawa ankhoswe, koma silithawa atsikana. Aliyense amene anakhalapo pa bwalo la nyakwawa amadziwa kuchuluka kwa milandu yolipiritsa mnyamata amene wawononga mwana wa eni, ndi kuchuluka kwa anyamata amene amazimiririka kulowera ku Lusaka kapena ku Tete mlandu usanazengedwe.

Gulu limeneli ndilo limabisala kuseri kwa masamu aja. Likafunsidwa za ukwati limati zinthu zadula, koma kudula kwa zinthu sikulilepheretsa kusiya ana atatu m'midzi itatu. Pamenepa ndili ndi amalume kotheratu: uku n'kudya za m'munda osagwira khasu. Chodabwitsa n'chakuti mudzi sulinyoza gulu limeneli mmene umanyozera mng'ono wanga. Wopereka mimba n'kuthawa timamukalipira masana, koma madzulo timati ndi tambala, magazi ake ndi otentha. Wofatsa amene sanalakwire mwana wa munthu ndiye timamunong'ona kuti mwina anagwa mu mpapaya, mwina anamulodza, mwina achibale amufunire mankhwala. Tikadali kuyeza umuna ndi muyezo womwe uja wa nkhunzi, ndipo pa muyezo umenewo wowononga amapambana wodziletsa. Amalume atanena za ng'ombe yofula anaiwala, kapena anachita dala kuiwala, kuti pa khomo pawo imene imakoka pulawo ndi ngolo ndi yofulayo.

Komabe sindingapereke chigamulo chonse kwa anyamata. Mfundo ya umphawi ili ndi bowo limene amalume analiona msanga. Iwo anakwatira alibe njinga ngakhale yakapalasa, ali ndi khasu, nkhwangwa ndi bulangete limodzi. Anali osauka kuposa mphwawo, amene pa tsiku labwino amagwira ndalama imene iwo sankaiona mwezi wathunthu. Ngati umphawi wokha ukanaletsa ukwati, palibe mmodzi wa ife akanabadwa. Chimene chasintha, mmene ndikuonera, ndi ndalama imene ukwati umalipiridwa. Chikamwini, ndi zowawa zake zonse, chinali ndi chilungamo chimodzi: mnyamata ankalipira ndi thukuta, ndipo thukuta aliyense ali nalo. Mwana wamasiye ndi mwana wa mfumu ankalowa pa khomo limodzi. Titasandutsa ukwati kukhala wa kwacha, tinatseka khomo limenelo kwa onse amene alibe kwacha, ndipo amene anachita zimenezi si anyamata. Ndi amalume omwewa, akakhala mbali ya mkazi, amene amatchula mtengo woti munthu akomoke. Ndinawaonapo ndi maso anga pa ukwati wa mwana wa mlongo wawo wina, akuwerengera mpaka yunifolomu ya ku sekondale. Sabata yomweyo angathe kudandaula kuti ana a masiku ano sakwatira, osaona kuti dzanja lotseka ndi lolira ndi la munthu mmodzi.

Palinso china chimene anyamata savomereza pagulu. Ena mwa iwo sakudikira chuma, sadziwa poyambira. Mphala inatha m'midzi yambiri, ndipo pamodzi nayo panatha sukulu imene mnyamata ankaphunzira kwa akulu ake mmene amalankhulira ndi mkazi, mmene amapirira akakanidwa, mmene amatumira mlongo wake kukafufuza. Magule a usiku a mwezi, kumene anyamata ndi atsikana ankaonana pamaso pa mudzi wonse, alowedwa m'malo ndi Facebook ndi WhatsApp, kumene munthu angathe kucheza ndi akazi khumi osayang'anapo mmodzi m'maso. Kukanidwa pa chitsime kunkapweteka tsiku limodzi. Lero uthenga wako wofunsira ungathe kujambulidwa n'kuzungulira mafoni a boma lonse. Sindikudabwa kuti wamanyazi amangosiya. Koma kusiya chifukwa cha mantha ndi kusiya chifukwa chosankha ndi zinthu ziwiri, ndipo mnyamata amene amati ali bwino yekha ayenera kudzifunsa moona kuti ali mbali iti. Ngakhale ku Japan, kafukufuku wa boma wa 2021 anapeza kuti mwa amuna osakwatira a zaka 18 mpaka 34, amene anati sadzakwatira konse anali pafupifupi 17 mwa 100. Chiwerengerocho chinakwera poyerekeza ndi kale, koma ochuluka ankafunabe banja tsiku lina. Vuto n'lakuti tsiku linalo limasunthira kutsogolo mpaka munthu adzidzimuke ali ndi zaka 50.

Za kutha kwa mtundu, zimene amalume amaopa, sindizitenga mwamphamvu. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 19 miliyoni m'Zambia, kuchokera pa 13 miliyoni mu 2010, ndipo aliyense amene analowapo m'kalasi ya Giredi 1 ku Sinda kapena ku Vubwi, ana atakhala mpaka pakhomo, akudziwa kuti nyumba zopanda anthu za ku Japan zili kutali nafe. Mavuto athu ndi otembenuka: iwo akusowa ana, ife tikusowa atate a ana amene alipo kale. M'dera lotere mnyamata amene wadziletsa mpaka atakonzeka sakuchotsera mudzi kanthu. Chimene ndingamupemphe n'chakuti kukonzekako kukhale ndi malire ake, akhale wotha kunena kuti ndikamaliza chakuti ndidzachita chakuti, chifukwa pali anthu amene anamanga nyumba ya malata, kugula ng'ombe, kuika sola, n'kupeza kuti azolowera kudya okha.

Usiku uja nkhani sinathe, inangozilala pamodzi ndi moto. M'mawa amalume anafunika kubwerera kwawo kufupi ndi Sinda, ndipo wowanyamula anali mphwawo yemweyo. Akumangirira thumba la mtedza kumbuyo kwa njinga, ndinawamva akumufunsa, tsopano ndi mawu ena, kuti ngongole ya njingayo yatsala zingati. Anawauza. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati kudimba kwawo kuli malo amene sakulimidwa, ndipo ngati angapezeke mwana wa munthu, iwo akakamba ndi akuchikazi kuti asatchule za ng'ombe. Mng'ono wanga sanayankhe. Anawapatsa chisoti chake chokhacho kuti avale, nawauza kuti agwiritse pa mabampu a pa mlatho.